Telesikopu yaikulu isamangidwe yochedwa kuona

Pamwamba pa phiri la Cerro Armazones, m'chipululu cha Atacama ku Chile, bungwe la ESO likumanga telesikopu ya ELT. Galasi lake ndi la mamita 39, lolumikiza zidutswa 798, ndipo ntchitoyi ikudya ndalama zoposa mayuro biliyoni imodzi. Koma ine ndili ndi dandaulo. Zida zoyamba zomwe akuikonzera, monga MICADO ndi HARMONI, cholinga chake chachikulu n'kuyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali zinthu zakutali zosawala kwambiri. Nanga zinthu zosintha m'kuphethira kwa diso adzazione ndani?

Kuthambo kulibe bata ayi. Nyenyezi yomwe anthu a ku China anaiona itaphulika mu 1054 inasiya chotsalira chotchedwa Crab pulsar, chomwe chimazungulira maulendo 30 pa sekondi imodzi. Mu 1969, akatswiri atatu ku Kitt Peak, m'chigawo cha Arizona, anaona kuthwanima kwake ndi telesikopu yosakwana n'komwe mita imodzi, chifukwa anali ndi chida chowerenga kuwala mofulumira. Kamera yojambula kwa mphindi khumi imangoona kadontho kosasintha, monga momwe masipoko a njinga yothamanga amasowera m'maso.

Apa ndi pomwe ukulu wa galasi umafunikira. Ukadula sekondi m'magawo 1,000, gawo lililonse limalandira kuwala kochepetsetsa, ndipo galasi lalikulu lokha ndi lomwe lingasonkhanitse kokwanira. Kamera ya HiPERCAM, pa telesikopu ya mamita 10.4 ku La Palma, imajambula zithunzi zoposa 1,000 pa sekondi. ELT idzasonkhanitsa kuwala koposa pamenepo kakhumi. Kuimana kamera yotere n'kutaya mphamvu yomwe talipira kale.

Ena akuti usiku wa ELT ndi wodula, ndipo ofufuza zinthu zothamangazi ndi ochepa. Sindikuvomereza. Mtengo wa kamera ndi kachinthu kochepa poyerekeza ndi wa nyumba ya telesikopuyi ndi galasi lake. Komanso chakudza sichiimba ng'oma. Pa 17 Ogasiti 2017, kuwombana kwa nyenyezi ziwiri za neutron kutadziwika, matelesikopu a ku Chile anapeza kuwala kwake pasanathe tsiku, ndipo m'masiku ochepa kuwalako kunayamba kuzilala. Wodikira ndandanda ya ntchito za telesikopu yolembedwa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo akadatuluka chimanjamanja.

Choncho a ESO asungiretu malo a kamera yofulumira, ndipo akhazikitse lamulo loti chachilendo chikaoneka, ndandanda iime kaye. Achite zimenezi lero, nyumba isanathe, pakuti mndandanda wa zida ukatsekedwa tidzadikira zaka zambiri.