Mtengo wa zenera umabisala m'chitsulo

Mazenera ambiri a nyumba za ku Katete, Sinda ndi Vubwi sachokera m'sitolo. Amapangidwa ndi amisiri owotcherera amene amayala zitsulo zawo m'mbali mwa msewu wa Great East Road kapena kuseri kwa msika, ndipo mtengo wake sulembedwa paliponse. Umatuluka pakamwa pa mmisiri akamuona wogula, kuti wavala bwanji, wabwera pa njinga kapena pa galimoto. N'chifukwa chake munthu amene akufuna kuchotsa mazenera a matabwa odyedwa ndi chiswe amayamba n'kunenerera: "Amisiri, tsitsankoni pang'ono." Mmisiri amatsitsadi. Koma ndalama imene wachotsa pakamwa amakaibweza pa chitsulo, ndipo mwini nyumba amadzazindikira pakapita chaka kapena zaka ziwiri, zenera litayamba kukana kutsekeka.

Kunenerera kwanzeru kumayamba ndi kuugawa mtengowo. M'zenera limodzi muli chitsulo, magalasi, ntchito ya manja, ndalama yonyamulira ndiponso yoliika pakhoma. Gawo lalikulu ndi chitsulo, chimene chimagulitsidwa chotalika mamita 6. Zitsulo za mphako zimaoneka zofanana kunja, koma khoma lake limasiyana: china ndi mamilimita 1.2, china 1.6, china 2. Zikapakidwa penti palibe amene angazisiyanitse ndi maso. Nthawi yoonera ndi pamene chitsulo changodulidwa, kukamwa kwake kusanatsekedwe, kapena pochinyamula m'manja n'kumva kulemera kwake. Zitsulo zotchinga akuba nazonso zili ndi kukula kwake, kawirikawiri mamilimita 10 kapena 12, ndipo mmisiri wopanikizidwa pa mtengo amangozitalikitsa kuti zilowe zochepa. Mpata umene mutu wa mwana ungadutsepo si chitetezo. Palinso kawotchereredwe. Pena mmisiri amangodontheza m'makona, n'kupala, n'kupaka penti, m'malo mowotcherera mzere wonse. Penti yofiira yoletsa dzimbiri, ya red oxide, ndi chinthu china chimene chimasowa mwakachetechete mtengo ukatsika.

Magalasi nthawi zambiri sakhala m'mtengo wa felemu, ndipo ambiri amadabwa nazo felemu itafika kale pakhomo. Galasi la mamilimita 3 limakwanira pa timagawo ting'onoting'ono, koma pa gawo lalikulu pamafunika la 4 kapena 5. Kulemera kwake n'kosavuta kuwerengera: mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi imalemera makilogalamu 2.5 pa milimita iliyonse, choncho galasi la mamilimita 4 la kukula koteroko limalemera makilogalamu 10. Felemu yopyapyala imagonja ndi katundu wotere, mahinjesi n'kuyamba kugwa. Zenera la timagawo tambiri silikongola ngati la galasi limodzi lalikulu, koma mpira wa ana ukaswa kagawo kamodzi, ndalama yokonzera imakhala yochepa. Putty wogwira galasi ayeneranso kutchulidwa pokambirana, pamodzi ndi dzina la amene adzamumate.

Mtunda ndi umene umasiyanitsa maboma atatuwa. Zitsulo ndi magalasi zimafika kuchokera ku Chipata kapena ku Lusaka, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Katete, ndipo magalasi ambiri a mazenera amachokera kunja kwa Zambia, kotero kwacha ikagwa mtengo wake umakwera. Katete ndi Sinda ali pamsewu waukulu, malole amatsitsa katundu pakhomo. Vubwi, amene anakhala boma payekha mu 2012 atachotsedwa ku Chadiza, ali kutali ndi msewuwo, chakumalire a Malawi ndi Mozambique. Kumeneko funso lofunika kuposa mtengo wa galasi ndi lakuti likasweka panjira alipira ndani. Mmisiri wa ku Vubwi akatchula mtengo woposa wa ku Katete sikuti nthawi zonse akuba. Wogula amene wathamangira zotchipa m'tauni amakaonjezera yekha ndalama ya galimoto, ndipo zenera likapanda kukwana pakhoma alibe womudandaulira pafupi.

Nyengo nayo ili ndi mtengo wake. Anthu akagulitsa thonje, soya ndi mtedza, kapena akalandira ndalama za chimanga ku Food Reserve Agency, aliyense amakumbukira nyumba yake nthawi imodzi. Kuyambira Juni mpaka Okutobala owotcherera amakhala ndi ntchito yambiri ndipo safuna zonenerera. Chiyambire 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, amisiri odziwa ntchito amapezanso maoda a masukulu ndi zipatala, choncho munthu wa mazenera anayi sawathamangitsa mtima. Mu Januwale ndi Febuluwale zinthu zimatembenuka. Ndalama za anthu zathera ku feteleza, makina owotcherera ali zii, ndipo amene anasungako kandalama amamvedwa msanga. Za magetsi nazo zimakhudza mtengo: mu 2024, chilala chitachepetsa madzi m'damu la Kariba, ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri patsiku, ndipo ntchito yowotcherera pa jenereta inkadya mafuta. Mmisiri akatchula zimenezi, choyenera ndi kufunsa kuti mafutawo ndi a ndalama zingati, alembedwe paokha.

Masiku ano omanga mashopu ndi malo ogona alendo akukonda mazenera a aluminiyamu otsegula chokankhira m'mbali. Sachita dzimbiri, koma zotchinga akuba zimapangidwa padera, ndipo timawilo take timatha ndi fumbi. Ena amafunsanso za mazenera a magalasi awiri, aja otchedwa double glazing, okhala ndi mpata wa mpweya kapena gasi wa argon pakati. Anafala ku Ulaya mafuta atakwera mtengo mu 1973, chifukwa kumeneko nyumba zimatenthetsedwa miyezi yambiri ndipo kutentha kumathawira pagalasi. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi ku Katete kumatha ndi bulangete. Phindu lake kuno lingakhale kuchepetsa phokoso la malole opita kumalire, ku Chanida kapena ku Mwami, kapena kusunga kuzizira m'chipinda cha makina oziziritsa. Magalasi amenewa amamatidwa kufakitale, sadulidwa pamalo, ndipo mpata uja ukalowa chinyezi amachita nkhungu mkati mosapukutika. Wowagula akambirane kwambiri za zaka zimene wogulitsa akulonjeza kudzasintha galasi lotere mwaulere, kuposa za kutsitsa mtengo. Pa nyumba wamba, khonde lotchinga dzuwa ndi mazenera oyang'anizana odutsitsa mphepo zimathandiza kwambiri mu Okutobala pa ndalama yochepa.

Pofunsa mitengo, amisiri atatu apatsidwe pepala limodzi lomwelo: kukula kwa zenera, kukhuthala kwa chitsulo ndi galasi, chiwerengero cha magawo otseguka, zogwirira ndi penti. Popanda pepalalo mitengo itatuyo ndi ya zinthu zitatu zosiyana. Kuyeza achite mmisiri mwini, kuti akalakwitsa mlandu ukhale wake. Ena amagula okha zitsulo n'kulipira ntchito ya manja yokha. Njirayi imatchipa, koma imafuna munthu wowerenga zitsulo zimene zalowa ndi zidutswa zimene zatsala, apo ayi zotsalazo zimakathera pa geti la munthu wina. Wofuna mazenera ambiri nthawi imodzi ali ndi mphamvu yopempha mbasela, monga kuikiridwa pakhoma mwaulere, ndipo mafelemu akale a chitsulo angathe kuchotsera mtengo.

Ndalama yoyambira ikhale yokwanira kugula zipangizo basi. Kulipira pa Airtel Money kapena MTN kumasiya umboni, ndipo pangano lolembedwa m'kope, lokhala ndi tsiku lomaliza ntchito ndi mboni, limathandiza nkhani ikafika kwa anyakwawa, ku khoti la m'deralo kapena ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la 2010. Ndalama yotsalayo iperekedwe mazenera ataikidwa, lililonse litatsegulidwa ndi kutsekedwa kangapo, ndipo madzi atathiridwa kunja kuti zioneke ngati akulowa m'nyumba.