Chiphaso cha unzika si chogulitsa

Kuyambira 2020, pomwe boma lidayambitsa AIP, mlimi adasiya kugula feteleza wotsika mtengo ndi kuponi. Amaonetsa chiphaso cha unzika, chija a NRB adayamba kupereka mu 2017 atajambula nkhope ndi zidindo za zala zathu. Cholinga chidali kuthana ndi mayina ongopeka omwe akathyali ankadyera makuponi. Apa chiphaso chathandizadi, chifukwa zala sizinama ndipo n'kovuta kulembetsa kawiri.

Koma mavenda apeza njira ina. Njala ikavuta, amayenda m'midzi kugula ziphaso pa ndalama zochepa, n'kukaombola feteleza m'dzina la mwini wake. Makina akalemba kuti mwagula, dandaulo lanu lilibenso poyambira. M'kaundula mwalandira kale, pomwe kumunda chimanga chikuchita chikasu.

Si feteleza yekha. Chiphaso chomwecho ndicho timalembetsera nambala ya foni. Wochitenga angalembetse nambala m'dzina lanu n'kumabera anthu, apolisi n'kudzagogoda pakhomo panu.

Kogula feteleza pitani nokha. Wina akabwera kuti akusonkhanitsa ziphaso kuti akakugulireni, kaya ndi wa komiti kaya wachibale, kanani. Chikatayika, kaneneni kupolisi msanga, kenaka pitani ku ofesi ya NRB m'boma lanu.