Messi ameneyu ndi mwana wa yani?



Pali kachitidwe kena kamene kakufala m'midzi yathu ya m'mphepete mwa nyanja muno, ndipo ife aphunzitsi timakaona msanga chifukwa kaundula wa mayina amadutsa m'manja mwathu. Makolo akumatenga dzina la banja la munthu wotchuka, lomaliza lija, n'kuliika patsogolo kuti likhale dzina loyamba la khanda. Bambo amene amachezera mpira m'nyumba ya kanema pamsika akaona mwana wamwamuna akuti uyu ndi Messi, uyu ndi Pogba, uyu ndi Rashford. Okonda ndale nawo ali ndi awo: Obama, Mandela, Gaddafi. Ife tikuti dzina la banja la eni ake lisamaikidwe pa mwana wanu, pokhapokha ngati banjalo ndi lanu lomwe. Koma tifotokoze bwino, chifukwa nkhaniyi si yakuti chachizungu n'choipa ndipo chachiarabu n'chabwino ayi.

Poyamba tisanamize achinyamata kuti iwo ndiwo ayambitsa zimenezi. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino anali Hastings Kamuzu Banda, ndipo Hastings linali dzina la banja la mmishonale wina wa ku Scotland, John Hastings, amene Kamuzu ankamusirira ali mnyamata. A Bingu wa Mutharika anabadwa mu 1934 ku Thyolo dzina lawo lili Brightson Webster Ryson Thom. Webster ndi dzina la banja la Angerezi, tanthauzo lake woluka nsalu. Iwo atakula anawavula mayina onsewo. A Lazarus Chakwera pakati pa mayina awo pali McCarthy, dzina la banja la ku Ireland. Ngakhale David Livingstone, amene anafika kuno ku Nkhotakota mu 1861 nabweranso mu 1863, uja timaonetsa alendo mkuyu wake, anasiya dzina lake la banja likuyendayenda m'Malawi ngati dzina loyamba la anyamata. Nthawi imeneyo panali chokakamiza. Sukulu ya mishoni inkafuna dzina lomveka kwa mzungu, kapitawo wa ku migodi ya ku Joni naye ankafuna limene lilime lake lingathe. Nelson Mandela dzina lakuti Nelson anachita kupatsidwa ndi mphunzitsi wake tsiku loyamba la sukulu. Lero palibe akutikakamiza. Tikusankha tokha, ndiye tiyenera kudziwa chimene tikusankhacho.

Dzina la banja limayankha funso limodzi: kodi ameneyu ndi wa kwa yani? Mayina ambiri achizungu amene tinawazolowera amanena zimenezi mosabisa, kungoti sitiwamva. Johnson ndiye kuti mwana wa John. Wilson ndi mwana wa Will, Jackson ndi mwana wa Jack, ndipo Mc uja wa mwa McCarthy akutanthauzanso "mwana wa". Ndi chimodzimodzi bin ndi binti wa Chiarabu ndi Chiswahili. Jumbe woyamba, amene anakhazikika kuno cha m'ma 1840, anali Salim bin Abdallah, ndiye kuti Salim mwana wa Abdallah. Ambiri a ife kuno ku Linga tinangochotsa bin uja koma dongosolo ndi lomwelo: dzina lako, kenaka la bambo ako kapena la agogo ako. N'chifukwa chake mayina athu omaliza ndi a Saidi, a Yusufu, a Mussa, a Ali. Tsono taganizani mwana amene tamutcha Wilson pamene bambo ake ndi a Saidi. Tikalimasulira lonse dzinalo likuti "mwana wa Will, mwana wa Saidi". Will ameneyu m'mudzi muno anamuonapo ndani?

Zomwezo ndi mayina atsopanowa. Messi ndi dzina la banja lochokera ku Italy limene linakakhazikika ku Argentina. Mwini wake dzina limene makolo ake anamupatsa ndi Lionel. Obama ndi dzina la banja la Aluo a ku Kenya. Mandela linali dzina la agogo ake a Nelson, Athembu a ku South Africa. Gaddafi ndiye lanyanya, chifukwa likuchokera ku dzina la fuko lonse la ku dera la Sirte ku Libya. Pakati pa osewera mpira amene ana athu amawakonda, Salah yekha ndiye amadutsa bwino. Mohamed Salah wa ku Egypt amatchedwa choncho chifukwa Salah ndi dzina la bambo ake, mwa dongosolo lathu lomwe lija, ndipo mawuwo paokha ndi dzina loyamba lotanthauza ubwino ndi kulungama. Amene anatcha mwana wake Salah, kaya anadziwa kaya sanadziwe, anaponya mbedza pabwino.

Chipembedzo chathu nkhani ya "wa kwa yani" sichiitenga mopepuka. Ophunzira a kumadrasa akudziwa za Zaid, amene Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) anamulera ngati mwana wake mpaka anthu ankamutcha Zaid bin Muhammad. Ndime ya 5 ya Surat Al-Ahzab itatsika, yolamula kuti ana oleredwa aziitanidwa ndi mayina a abambo awo enieni, iye anabwerera kukhala Zaid bin Haritha. Ngati pali dzina limene munthu angalakelake kulinyamula ndi la Mtumiki, komabe Zaid analitula. Sitikunena kuti bambo amene watcha mwana wake Pogba wamukana mwanayo, ndipo kugamula kuti ichi n'chololedwa kapena n'choletsedwa ndi ntchito ya mashehe, si ya kalata ya sukulu. Chimene tikuona ife n'chakuti Chisilamu chimafuna dzina la munthu lizinena zoona za kumene wachokera.

Mwambo wa Achewa nawo umaloza komweko. Mfunda si chokongoletsera. Ukamuitana munthu kuti aPhiri, aMwale, Nabanda, wamulemekeza iye pamodzi ndi onse amene anamubala. Mlendo akafika pamudzi natchula mfunda wake, amapeza pomwepo womutcha mbale. Tsono zikumveka kuti ena ayambanso kutenga mifunda yathu yomweyi kapena mayina omaliza a andale ndi oimba a m'dziko muno kukhala mayina oyamba. Tiyerekeze mnyamata dzina lake loyamba Banda, bambo ake aPhiri. Akadzakula, pamaliro kapena paukwati, wolankhula adzamuitana kuti ndani? Adzayankha akamva aBanda, eni ake a Banda ali pomwepo akuyang'ana?

Pali chinanso chimene chimativuta kwambiri. Munthu wotchuka amene akadali moyo, nkhani yake sinathe. Muammar Gaddafi anabwera m'dziko muno mu 2002, nthawi ya a Bakili Muluzi, ndipo ambiri ankamuona ngati mkango wa Africa. Mu October 2011 anaphedwa ku Sirte, zithunzi za mtembo wake zili ponseponse. Mwana amene anapatsidwa dzinali chaka cha ulendo uja anali ndi zaka 9, ali ku pulayimale, pamene anzake ankadziwa kale kuseka. Kaya inu mumamuona Gaddafi ngati ngwazi kaya wankhanza, mwanayo sanasankhe nawo mbali, koma mkanganowo adzaunyamula pa chiphaso chake mpaka imvi. Za mpira ndiye n'zopepukirapo, komabe taonani: bambo anatcha mwana Messi chifukwa chokonda Barcelona, mwini dzina anachokako mu 2021 kupita ku Paris, ndipo mu 2023 anali ku Miami. Bambo aja anatsala ndi timu yawo, mwana anatsala ndi dzina. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo za anthu a pa kanemawa timangoona khungu la nkhuyuyo.

Tikudziwa zimene makolo ena anganene. Mwana ndi wanga, dzina ndi chiyembekezo changa, ndikufuna adzafike patali ngati mwini dzinalo. Zimenezi ndi chikondi ndipo sitikuzinyoza. Angathenso kutibwezera kuti, nanga inu a mayina achiarabu, ndi angati amene amadziwa tanthauzo la dzina lawo? Apa ali ndi mfundo. Dzina silikhala labwino chifukwa chongomveka Chiarabu. Mtumiki mwini anasintha mayina achiarabu amene tanthauzo lake silinali labwino: mwana wamkazi wa Umar dzina lake linkatanthauza "wosamvera", iye namutcha Jamila, wokongola. Choncho funso ndi limodzi kwa tonse, wokonda mpira ndi wokonda kitabu yemwe: dzinali likunena chiyani, ndipo likunena zoona? Ngati mumasirira Obama, bwanji osatenga Baraka, limene ndi tsinde la dzina lake loyamba, lotanthauza dalitso, lodziwika kale m'nyumba zathu?

Pali malo amodzi pamene ife tikuvomereza ndi manja awiri kuti dzina la banja likhale dzina la mwana. Ndi pamene dzinalo likuchokera kwa mayi ake. M'midzi yambiri kuno mwana ndi wa mbumba ya kuchikazi. Amalume ndiwo amaima pa ukwati wake, munda umene adzalime mpunga kapena chinangwa kawirikawiri ndi wa kwa mayi ake. Koma papepala mbali imeneyi siioneka kwenikweni, chifukwa dzina lomaliza limene limalembedwa kawirikawiri ndi la bambo. Pakapita mibadwo iwiri, dzina la agogo a kuchikazi lazimirira. Azungu amene timawatsanzirawo ambiri ankachita zimenezi pofuna kusunga dzina la mayi. John Fitzgerald Kennedy, mtsogoleri wa America amene anaphedwa mu 1963, Fitzgerald linali dzina la kwawo kwa mayi ake. Franklin Delano Roosevelt nayenso Delano linali la mayi ake. Iwo ankatola dzina m'nyumba mwawo momwe. Ife tinangoona kuti zikumveka bwino, n'kukatola Kennedy wa eni ake. Mwana wanu akanyamula dzina la abambo a mayi ake, aliyense amene angamufunse kuti dzinali unalitenga kuti, adzaloza khomo, adzaloza manda, adzatchula anthu. Ife tingakonde kuti dzina lotere likhale lapakati, kuti loyamba likhalebe lakelake la mwanayo.

Tikunena zapakati chifukwa cha vuto la mapepala, limene ndi lathu lenileni pasukulu pano. Kuchipatala amayamba kulemba dzina loyamba. Mu kaundula wa kalasi timayamba ndi lomaliza. Mwana akakhala ndi mayina awiri omveka ngati onse ndi a banja, wolemba aliyense amangoganiza yekha kuti lakutsogolo ndi liti. Chikalata cha kubadwa chimanena zina, satifiketi ya MANEB inanena zina, chiphaso cha unzika cha ku NRB n'kunenanso zina. Kuyambira 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika, chiphasochi ndicho chimafunsidwa ku banki, polembetsa nambala ya foni ndi popempha pasipoti. Mnyamata wakhoza MSCE, akufuna malo ku koleji kapena akufuna pasipoti ya ku Joni, ndiye akuuzidwa kuti mapepala akewa akuoneka ngati ndi a anthu awiri. Kukonza kwake ndi kukalumbira, kulemba makalata ndi kukwera basi, pamene likulu la MANEB lili ku Zomba. Ndalama ya mabigiri angati a usipa imeneyo? Tinenenso chilungamo: vuto limeneli silisankha a Banda Phiri okha. Ali Yusufu ndi Yusufu Ali akulidziwa bwino. Ife a mayina aunyolo tili nalo kale, ndiye tisaonjezere dala mfundo ina pa chingwe chomangika kale.

Kwa inu ophunzira amene muli kale ndi mayina amenewa, palibe chochititsa manyazi. Simunadzitche nokha, ndipo amene anakutchani anachita mokondwa. Wina aliyense wokuseka chifukwa cha dzina akumana ndi aphunzitsi. Musathamangirenso kusintha dzina pakamwa chabe chifukwa mwawerenga nkhani ino, n'kuyamba kulemba lina pa mayeso. Mukatero ndiye mwadzipangira vuto la mapepala lija ndi manja anu. Amene akufunadi kusintha akambirane ndi makolo, achite mwa lamulo, ndipo achite asanalembetse mayeso a boma. A Fomu 2 ndi a Fomu 4, mndandanda wa mayina opita ku MANEB ukabwera kuti muuone, bwerani ndi chikalata cha kubadwa, muyerekeze chilembo ndi chilembo musanasaine.

Kwa makolo, mwambo unatipatsa kale nthawi yoganiza. Kwathu mwana amadikira mchombo ugwe, atuluke m'chikuta. Sunna nayo imalimbikitsa tsiku lachisanu ndi chiwiri, la akika, pamene amametedwa tsitsi ndipo mbuzi imazingidwa. Masiku amenewo ndi okwanira kuti chimwemwe cha chigoli cha dzulo chizizire, kuti mayi a mwana anene maganizo awo, kuti agogo a mbali zonse ziwiri afunsidwe. Ngati achipatala akufuna dzina musanatuluke, ndiye kambiranani mimba ikadalipo.

Akuluakulu a komiti ya mzikiti, pempho lathu kwa inu ndi la kope limodzi lachikuto cholimba, lokhala pamzikiti. Pa akika iliyonse mlembi alembemo tsiku lobadwa, dzina la mwana, dzina la bambo, dzina la mayi ndi la abambo awo, ndi dzina limene banjalo lasankha kuti likhale lomaliza pa mapepala onse a boma. Shehe asanapange dua afunse bambo kuti, dzinali ndi la yani ndipo likutanthauza chiyani? Bambo akayankha, mlembi alembe yankholo m'mphepete mwa tsambalo, kuti mwanayo akadzafika Fomu 1 adzathe kudziwerengera yekha.