Zipere si za makapisozi, anzanga

Mng'ono wanga ali Sitandade 4 ndipo m'mutu mwake muli zipere zitatu zozungulira ngati ndalama yachitsulo. Amayi anagula makapisozi a amoxicillin paokala, n'kumatsegula ndi kuwaza ufawo pamutupo. Patha masabata atatu, ndalama ya sopo inapita, zipere zikungokula. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi tisiye, ndipo chifukwa chake chili mu Biology momwemu.

Zipere sizibwera ndi nyongolotsi kapena mabakiteriya ayi. Ndi mafangasi, abale ake a bowa, yisiti wa mandasi ndi chuku chimene chimamera pa nsima yogona. Selo iliyonse ya fangasi ili ndi khoma, ndipo m'khomamo muli chinthu cholimba chotchedwa chitin. Mukatafuna chiwala kapena ngumbi n'kumva kukhukhuta, imeneyo ndi chitin yomweyo. Ngakhale chigoba cha nkhanu chili nayo. Munthu wa ku France, Henri Braconnot, anaipeza koyamba mu 1811, ndipo anaipeza mu bowa.

Ntchito yake? Fangasi amamwa madzi ambiri, ndiye popanda khoma lolimba selo ikhoza kuphulika ngati chubu cha njinga chopanda tayala. Chitin imagwira selo kuti isaphulike pamene timaulusi ta fangasi tikukula n'kumalowerera m'chakudya chake, kaya ndi chisononkho chowola kaya khungu la mng'ono wanga.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Mabakiteriya nawo ali ndi khoma, koma lomangidwa ndi zipangizo zina, mulibe chitin. Amoxicillin ndi penicillin amasokoneza kumangidwa kwa khoma la bakiteriyalo basi. Akafika pa fangasi sapeza chogumula. Chondiseketsa n'choti penicillin weniweniyo amachokera ku chuku, chimene Alexander Fleming anachiona chikupha mabakiteriya mu 1928.

Ena munena kuti kuchipatala n'kutali. Zoona, ifenso timayenda maola awiri wapansi, ndipo nthawi zina umakapeza mankhwala atha. Komabe kumeneko amadziwa kuti zipere zapathupi zimafuna mankhwala opaka ngati clotrimazole, pamene zam'mutu zimafuna akumwa kwa masabata angapo.

Ndinawafotokozera amayi zonsezi madzulo tikusenda chinangwa. Anaseka kaye kuti Fomu 2 yomweyi wayamba kale udokotala, koma Lolemba tikupita naye. Chipeso chake ndachipatula kale, ndipo kometa ndamuletsa mpaka apole.