Namwino Akamenyedwa ndi Wodwala

Namwino wa m'chipatala cha odwala misala akafika kunyumba diso litatupa kapena chala chitathyoka, anansi ake amangoti, "Pepani, nanga si wamisala." Nkhani imathera pomwepo. Naye mwini wake sadandaula, poyesa kuti kumenyedwa n'kosapeŵeka pa ntchito yake, monga utsi kwa wophika. Maganizo otereŵa ngolakwika.

Odwala ambiri sachita chiwawa, ndipo amene amaponya chibakera kaŵirikaŵiri amakhala wogwidwa ndi mantha. Munthu wafika ku Zomba atamangidwa zingwe ngati mbuzi, atataya miyezi kwa asing'anga, mwinanso mutu utasokonezeka ndi chamba. Akaona wina akudza ndi jekeseni m'manja, amayesa mdani wabwera kudzam'tsiriza. Kulanga munthu wotere n'kopanda pake. Mankhwala monga chlorpromazine, amene madokotala a ku France adayamba kuchizira misala mu 1952, amatha kum'khazika mtima pansi. Koma akatha m'nkhokwe ya chipatala, limalipira ndi thupi la namwino. Chimodzimodzinso namwino akasiyidwa yekha usiku wonse m'chipinda chodzaza odwala, chonsecho akulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Amene amapeputsa nkhaniyi akumbukire kumene chipatala cha ku Zomba chidachokera. Malo osungirako odwala misala adayamba mu 1910 ali m'manja mwa oyang'anira ndende, ndipo chipatala chenicheni chidatsegulidwa mu 1953. Chidasiyanitsa malo aŵiriŵa si njerwa zatsopano ayi, koma namwino amene amakhala pansi ndi wodwala, namufunsa dzina ndi mudzi wake. Tsono namwino amene wamenyedwa kaŵiri popanda womumvera sakhalanso pansi. Amafulumira kutseka chitseko ndi kumanga manja, ndipo ndende ija imabwerera mwakachetechete. Woyamba kuvutika ndi wodwala yemweyo. Nawonso achinyamata otsiriza sukulu, poona zipsera za aŵa adatsogola, amathaŵira ku ntchito zina.

Choncho akuluakulu a zaumoyo aonetsetse kuti kumenyedwa kulikonse kukulembedwa m'buku, wovulala akulandira chithandizo ndi mpumulo, ndiponso kuti usiku anamwino akukhala aŵiri kapena kuposa. Achibale nawo asamadikire kuti mbale wawo atenthe nyumba. Akangoyamba kusoŵa tulo ndi kulankhula yekha, apite naye kuchipatala akuyenda yekha, zingwe zisanafunike.