Seva yokalamba ikagwa, musathamangire kuiyatsanso

Webusaiti ikasiya kutseguka, mawu oyamba kumveka mu ofesi amakhala omwewo kulikonse: "Ingoizimitsani, muiyatsenso." Abwana amatero, a akaunti amatero, ndipo wa IT, poti foni yake ikungolira, amamvera. Nthawi zina zimathekadi, webusaiti n'kubwerera. Koma mchitidwe umenewu sindigwirizana nawo, makamaka pa seva yokalamba, chifukwa kuyatsanso kumafafaniza umboni. Pulogalamu imene inakakamira, chimene chinadya RAM, amene anali atalumikizika pa nthawiyo, zonse zimapita. Vutolo limangobisala, n'kudzatulukiranso usiku wina anthu ali m'tulo.

Mawebusaiti ambiri masiku ano sakhala pa kompyuta yawoyawo. Amakhala mu virtual machine, imene a IT amangoti VM: kompyuta yopangidwa ndi pulogalamu, yokhala m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Kompyuta yeniyeniyo imayendetsa VMware ESXi, KVM, Hyper-V kapena VirtualBox, ndipo imagawira ma VM angapo RAM, disiki ndi netiweki. Zili ngati nyumba ya lendi ya zipinda zambiri koma mita ya magetsi ili imodzi. M'chipinda chimodzi mukachita mdima, munthu wanzeru amayamba wasuzumira kwa anzake asanagule babu. Ngati ma VM onse akujejema, Apache, pulogalamu yoonetsa webusaiti, musiyeni kaye, vuto lili pa kompyuta yaikuluyo.

Ndipo kumeneko wolakwa kawirikawiri amakhala snapshot yoiwalika. Munthu amajambula snapshot asanasinthe kanthu, kuti zikavuta abwerere pamene anali. Zikayenda bwino amaiwala kuichotsa. Kuyambira pamenepo chilichonse chatsopano chimalembedwa mu fayilo ya snapshot ija, imene imangokulirakulira mpaka disiki ya kompyuta yaikulu itadzaza, VM n'kuima chilili. A VMware eni ake amalangiza kuti snapshot imodzi isakhale kupitirira maola 72. Ndakumanapo ndi zina zimene zakhala zaka. Choopsa china n'chakuti ambiri amaiyesa backup, pamene imadalira disiki yomweyo. Disikiyo ikafa, zonse zafera limodzi.

Ngati ma VM anzake ali bwino, lowani mu VM yodwalayo kudzera pa console, osadalira SSH, ndipo werengani zimene makinawo akunena okha. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima mosalawira ndipo mabatire a UPS amasiyidwa mpaka atatheratu mphamvu, si zachilendo kupeza disiki itavulala, Linux itakana kulembaponso kanthu, ikudikira munthu woti ayendetse fsck. Lamulo la dmesg limaonetsa zimenezo. Limaonetsanso ngati RAM inatha ndipo Linux inapha MySQL kuti ipulumutse zina. Kenako df -h, kuona ngati disiki yadzaza, ndi df -i, limene ambiri amalidumpha. Disiki itha kukhala ndi malo ambiri koma n'kukana kulandira fayilo ina chifukwa timafayilo ting'onoting'ono ta PHP session tachuluka mpaka kutha ma inode onse.

Pali nkhani imodzi imene ndimaifotokozera achinyamata ongoyamba ntchitoyi. Bungwe lina laling'ono linali ndi webusaiti pa VM ya CentOS 6, ndipo m'mawa wina Apache inakana kudzuka. Mu /var/log/httpd/error_log munali mzere wonena kuti "No space left on device: Couldn't create accept lock". Aliyense ataona mawu akuti malo atha anayamba kusankha zithunzi zoti zifufutidwe, mayi wina wa ofesiyo akudandaula kuti zithunzi za ntchito ya kumudzi palibenso kwina kumene zinasungidwa. Koma df inaonetsa kuti disiki ili ndi malo okwanira. Chinatha chinali china: ma semaphore, tizizindikiro timene Apache imagwiritsa ntchito kuti mapulogalamu ake asalimbirane khomo limodzi. Apache ikaphedwa mwankhanza, imatisiya osatichotsa, ndipo Linux ili ndi malire a kuchuluka kwake. Titalemba ipcs -s, mzere wautali unatsika pa sikirini, tonse ta apache. Tinatichotsa ndi ipcrm, webusaiti n'kudzuka, chithunzi chilichonse chili m'malo. Kuyatsanso VM kukanachotsanso tizizindikiroto tsikulo, sindikana. Koma sitikanafunsa kuti akupha Apache ndani. Tinapeza kuti munthu amene anachoka kalekale anasiya kapulogalamu mu cron kopha Apache ndi kill -9 usiku uliwonse n'kuiyambitsanso. Kanali kakuunjika zinyalalazo mwakachetechete.

Matenda ena amabwera VM ikasamutsidwa. Ya CentOS 6 ikapita pa kompyuta ina itha kupatsidwa MAC address yatsopano, koma fayilo ya 70-persistent-net.rules imakumbukirabe yakale, ndiye netiweki imatchedwa eth1 pamene zonse zinakonzedwera eth0. VM imayaka bwinobwino koma palibe angaifikire. Ikachoka pa VMware kupita pa KVM ilibe madalaivala a virtio mu initramfs, siona n'komwe disiki yake, imathera pa kernel panic. Zonsezi zimakonzeka m'mphindi zochepa ngati munthu wawerenga uthengawo.

Komano apa ndi pamene mtima wanga uli. Mavuto ambiri a seva yokalamba sabwera chifukwa china chathyoka m'kati mwake. Seva ili momwe inalili, koma zoizungulira zonse zasuntha. CentOS 6 inatuluka mu 2011 ili ndi Apache 2.2.15 ndi PHP 5.3, ndipo inasiya kulandira ma update pa 30 Novembala 2020. Eni ake a Apache anali atatseka kale mndandanda wa 2.2, womwe mtundu wake womaliza, 2.2.34, unatuluka mu Julaye 2017. Lero mukalemba yum pa seva yotere mumangolandira uthenga wa kulephera, chifukwa malo amene inkatengako mapulogalamu anatsekedwa. Mutha kuilozera ku vault.centos.org, koma kumeneko ndi kosungirako zakale basi, kulibe chatsopano. CentOS 7 nayonso inatsatira pa 30 Juni 2024, ndipo ilipobe m'maofesi ambiri.

Mu 2020 Chrome ndi Firefox zinasiya kukhulupirira TLS 1.0 ndi 1.1, ndipo seva iliyonse yosadziwa TLS 1.2 inayamba kuonetsa alendo chenjezo m'malo mwa webusaiti. Pa 30 Seputembala 2021 satifiketi ya DST Root CA X3, imene Let's Encrypt inkatsamirapo, inatha ntchito. Makina ambiri okhala ndi OpenSSL yakale analephera kulumikizana ndi ma seva ena tsiku lomwelo, ngakhale kuti palibe anawakhudza. Wa IT amene sadziwa masiku amenewa atha kusakasaka mu VM usiku wonse chinthu chimene mulibemo.

VM payokha ndi imene imatinamiza. Kale seva inkafa ndi chitsulo chake: disiki ikalira, fani ikaima, bungwe linkakakamizika kugula ina ndi kuikamo mapulogalamu atsopano. Lero VM ndi fayilo chabe. Chitsulo chikakalamba timainyamula n'kukaiika pa china, ili ndi CentOS 6 yake yomwe ija, ndipo tsiku loti tikhale pansi n'kuimanganso silifika.

Ena akatopa amalumphira mbali inayo, kufuna kukweza zonse usiku umodzi pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito. Kumenekonso kuli dzenje. Apache 2.4, imene inatuluka mu 2012, inasintha malamulo a amene aloledwe kulowa: pamene 2.2 inkati "Order allow,deny" ndi "Allow from all", 2.4 imafuna "Require all granted". Mukangokopera mafayilo akale, mwina Apache ikana kudzuka, mwina aliyense alandira 403 Forbidden. Lamulo la apachectl configtest limakuuzani mzere wolakwika musanagwetse kanthu. PHP 7.0, ya Disembala 2015, inachotseratu mysql_connect ndi anzake, ndipo webusaiti yolembedwa m'masiku a PHP 5.3 imangoonetsa tsamba loyera. Ntchito imeneyi ndi yochitira pa kope la VM, masana, wolemba mapulogalamu ali pafupi.

Tisaiwale kuti kufooka kwa VM nthawi zina ndi chizindikiro chakuti mwalowa mbava. Mukatsegula top n'kuona pulogalamu ya dzina lachilendo ikudya CPU yonse, n'kutheka kuti wina akukumba ndalama za crypto pa magetsi anu. Ndipo kompyuta yaikulu ija nayonso imakalamba. Mu Febuluwale 2023 ransomware yotchedwa ESXiArgs inatseka mafayilo a ma VM pa ma seva a ESXi zikwizikwi, ambiri mwa iwo ku France. Akatswiri a CERT-FR analoza bowo la mu OpenSLP, lopezeka pa port 427, limene VMware inali itatulutsira kale mankhwala ake mu Febuluwale 2021. Zaka ziwiri mankhwala ali poyera. Amene anali ndi backup kwina anabwerera pa ntchito. Amene ankadalira snapshot anapeza kuti nayonso ili pa disiki yotsekedwa yomweyo.

Wa IT sindimuloza chala kwenikweni. Webusaiti zambiri kuno zinabadwa ndi pulojekiti: ndalama zinabwera, kontirakitala anamanga, panali mwambo wokhazikitsa, pulojekiti inatha, kontirakitala anapita ndi pasiwedi ya root m'mutu mwake. Mu bajeti muli mzere wa mafuta a jenereta ndi wa intaneti, koma wosamalira seva mulibe. Wa IT akaidzutsa amayamikiridwa, ndipo kuyamikirako kumatseka nkhani, chifukwa abwana aona kuti zikugwira ntchito. Zimandipweteka kuona achinyamata aluso akugona mu ofesi chifukwa cha makina amene aliyense akudziwa kuti nthawi yake inatha.

Kwa inu abwana, tsiku limene seva yadzuka ndi loyenera kufunsa mafunso. Backup ili kuti, ndipo ndi liti pamene wina anaibwezeretsa n'kuona kuti ikutseguka? Ngati webusaiti yakaleyo singasamuke mwezi uno, ibisike kumbuyo kwa VM yatsopano ya nginx kapena Apache 2.4 imene izilandira alendo ndi TLS yamakono, ndipo makomo ena onse a yakaleyo atsekedwe ku intaneti. Kumeneko n'kugula nthawi chabe, ndipo tsiku loizimitsa lilembedwe papepala, abwana asaine. Kosamukira kulipo, kwaulere: Debian, Ubuntu LTS imene imasamalidwa zaka zisanu, kapena AlmaLinux ndi Rocky Linux, zimene zinabadwa CentOS itasintha njira, ndipo mtundu wa 9 wa ziwirizi udzalandira ma update mpaka 2032. Chofunika ndalama ndi nthawi ya munthu wolembanso PHP yakaleyo, VM imodzi yoyeserera, ndi masiku angapo amene wa IT sadzaitanidwa kukakonza printa.