Ngongole ya pa zenera la minibasi

Kuwerenga: Deuteronomo 24:14-15 ndi Miyambo 20:14

Sabata ino tiyeni tisinkhesinkhe za tchimo limene ambiri a ife sitinalitchulepo pamaso pa Mulungu, chifukwa timalichita mothamanga, injini ikulira, ndipo pofika kunyumba timakhala titaliiwala kale.

Tsiku lina Lachisanu tinanyamuka ku Chileka m'mamawa, anthu a mpingo umodzi odzaza minibasi, kupita ku Mwanza ku maliro a mayi ake a mkhristu mnzathu. Tinakhota pa Kameza n'kulowa mumsewu wa M1, tinadutsa pa Lunzu tikuimba nyimbo zachitonthozo, ndipo pofika pa Lirangwe dzuwa linali litakwera. Ambiri tinachoka kunyumba osalawa kanthu, choncho tinapempha dalaivala kuti aime pang'ono tipeze kamba wa paulendo.

Amene anayendapo mumsewu umenewu akudziwa mmene pa Lirangwe pamakhalira. Munthu asanatsike n'komwe, fungo la mafuta otentha limakhala litamulonjera kale. Anyamata amaima kuseri kwa ziwaya zawo, pakati mafuta akuwira, m'mphepete ataunjika tchipisi, cha apo kanyenya wa mbuzi akufuka utsi. Pambali pamakhala beseni la kabichi woduladula, botolo la mchere ndi lina la tsabola. Amayi amayala nthochi, mtedza ndi mazira owiritsa, ena akukupizira chimanga pa mbaula. Mpando palibe, tebulo palibe. Wovala tayi ndi wovala patapata onse amadya chiimire atazungulira chiwaya chimodzi. Nafenso tinadya, ndipo kunena zoona chakudyacho chinali chokoma.

Koma vuto lathu linayambira pomwepo. Ena mwa ife tinayamba kunyoza malonda a mnyamata amene ankatigulitsa: tchipisi n'chochepa, nyama ndi yolimba, kwathu timagula motsika mtengo. Mnyamatayo, poona akuluakulu ovala zakutchalitchi, anachita manyazi ndipo anatiwonjezera banyira kawiri konse. Titakwera m'galimoto tinayamba kudzitama kuti tamugonjetsa. Buku la Miyambo 20:14 limamudziwa bwino wogula wotereyu, amene amapeputsa katundu pamene akugula koma akangopotoloka amayamba kunyadira kuchenjera kwake. Mawuwa analembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, komabe zikukhala ngati mlembiyo anali nafe pa Lirangwe.

Chachikulu chinachitika patsogolo pang'ono, pa Mdeka, m'dera la Mfumu Yaikulu Chigaru. Dalaivala anaima kuti aone tayala, ndipo mayi wina wobereka mwana kumbuyo anafika pa zenera ndi beseni la zitumbuwa. Manja anatuluka pa mazenera, zitumbuwa zinalowa m'galimoto, koma ndalama tinali tikusonkhabe, wina akufunsa chenje cha K5,000, wina akupisa m'thumba. Kondakitala anamenya chitseko, galimoto n'kunyamuka. Mayi uja anathamanga m'mbali mwa msewu, dzanja limodzi atagwira beseni, lina atatambasula, mwana akugwedezeka kumsana. Mmodzi kapena awiri anafuula kuti tiime, koma mosalimba mawu. Ena anaseka. Wina anati tikuchedwa ku maliro, tidzapereka pobwerera. Kenaka wina anayambitsanso nyimbo, ndipo tinavomera zitumbuwa zili m'kamwa.

Titawoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa n'kukhotera mumsewu wa ku Mwanza, mayi wina wachikulire amene anakhala kumbuyo anadula nyimboyo. Iwo anati: "Ana anga, ine sindiimba nawo. Chitumbuwa chija chandiima pakhosi." M'galimoto munangoti zii mpaka kukafika.

Okondedwa, tiyeni tilingalire zimene zili m'chitumbuwa chimodzi. Muli nthochi zakupsa zimene mayiyo anagula kapena kukongola dzulo lake. Muli ufa wa mgaiwa, soda, mafuta ophikira ndi nkhuni. Muli tulo timene anasiya tambala asanalire, ndi ulendo wapansi wochokera kumudzi kufika kumsewu. Mnyamata wa chiwaya naye mbatatesi yake yambiri imachokera kutali, ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo amalipira thumba, mayendedwe, mafuta ndi tikiti ya msika asanagulitse mbale ndi imodzi yomwe. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo mafuta ophikira sanatsale. M'malonda ang'onoang'ono ngati amenewa, zoyamba kugulitsidwa zimangobweza mpamba. Phindu limakhala m'zitumbuwa zochepa za pansi pa beseni. Choncho galimoto ikathawa ndi zitumbuwa khumi, yathawa ndi ndiwo za madzulo, sopo ndi kope la mwana wa sukulu.

N'chifukwa chake lamulo la Mose pa Deuteronomo 24:14-15 silinalole kuti malipiro a munthu wosauka agone m'nyumba ya bwana. Linalamula kuti aperekedwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo linapereka chifukwa chake: munthuyo ndi mmphawi, mtima wake wonse uli pa ndalamayo, ndipo akalirira kwa Yehova, wochedwetsayo adzapezeka wochimwa. Wina anganene kuti lamuloli likunena za waganyu, osati wamalonda. Koma chifukwa chimene Mulungu anaperekera lamuloli chikumukhudzanso mayi wa pa Mdeka. Iye alibe malipiro a pamwezi, alibe buku la kubanki loti atapemo podikira. Chimene wapeza lero ndicho adye lero. Mawu athu aja akuti tidzapereka pobwerera anali opepuka kwa ife okhuta, koma kwa iye anatanthauza usiku wathunthu.

Tisanamizane, kunenerera malonda si tchimo. Ndi mwambo wa pamsika, ndipo wogulitsa naye amauyembekezera. Koma tidzifunse mafunso awa. Tikalowa m'sitolo zikuluzikulu za mu Blantyre ndi mu Limbe, kodi timanenerera? Timawerenga mtengo umene walembedwa, timalipira mwaulemu, mwinanso kuthokoza. Nanga bwanji ukali wathu wonse wosunga ndalama umadzuka tikakumana ndi mwana wa mazira kapena gogo wa mtedza? Yankho lake ndi lowawa: timalimba mtima pamene tikuona kuti winayo alibe mphamvu yokana. Mazira owiritsa sadikira mawa, zitumbuwa zikagona zimasasa, ndipo wogulitsayo akudziwa kuti galimoto yathu ikapita mwina ina siima. Kunenerera kumene kumadalira mantha a munthu wosauka kwasiya kukhala mwambo, kwasanduka kupondereza.

Tisaiwalenso kumene tachokera. Agogo athu ambiri anadutsa njira yomweyi ya ku Mwanza wapansi, kulowera ku Tete mpaka ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, kukafuna ntchito. Kamba amene ananyamula, ufa pang'ono ndi chimanga chokazinga, ankatha ulendo usanathe, ndipo ankapulumuka ndi madzi ndi nsima za anthu osawadziwa. Makolo anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, choncho asamalidwe akadalipo. Lero ulendo tikuyenda pa matayala ndipo chakudya tikugula ndi ndalama, koma chinthu chimodzi sichinasinthe: wapaulendo amadya kuchokera m'dzanja la munthu amene sakumudziwa.

Mneneri Eliya naye anali wapaulendo wanjala. Pa 1 Mafumu 17:8-16 timawerenga kuti m'nthawi ya chilala Mulungu anamutumiza ku Zarefati, m'dziko la Sidoni, kumene anakumana ndi mayi wamasiye akutola nkhuni pa chipata cha mudzi. Mayiyo anali wamtundu wina, ndipo anatsala ndi kaufa kodzaza dzanja ndi timafuta pang'ono. Mulungu akanatha kudyetsa mneneri wake kunyumba ya munthu wolemera, koma anasankha dzanja la mayi wosauka. Chofunika kuchiona n'chakuti Eliya sanamusiye mayiyo wosauka kuposa mmene anamupezera. Kufika kwa munthu wa Mulungu kunasiya ufa ndi mafuta osatha m'nyumbamo. Nanga kufika kwa ife, anthu a Mulungu, pa Mdeka kunasiya chiyani?

Tsopano tilankhule ndi mbali inayo, pakuti ambiri ogulitsa m'misewu ndi akhristu anzathu amene timakhala nawo pa benchi imodzi Lamulungu. Ena owerenga anena kuti iwonso anabedwapo pa zenera: anapereka ndalama yaikulu, wogulitsa n'kulowa m'chigulu cha anthu ndi chenje osabweranso. Ena anagulitsidwa nyama yogona yotenthetsanso, kapena dzira lovunda, wogulitsa akudziwa kuti wogulayo akazindikira ali kutali. Zimenezi zimachitikadi, ndipo Mulungu sazisekerera. Mneneri Amosi, pa mutu 8 ndime 4 mpaka 6, anadzudzula amalonda ochepetsa muyeso, okweza mtengo ndi ogulitsa zinyalala za tirigu pamodzi ndi tirigu. Tchimo la wogula wothawa ndi la wogulitsa wonyenga lili ndi muzu umodzi: onse awiri akudalira kuti sadzaonananso. Amaiwala kuti alipo Wina amene amaona mbali zonse ziwiri za zenera.

Kwa wogulitsa zakudya, chilungamo chimafika mpaka pa ukhondo. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga mu March 2022 n'kufalikira dziko lonse, kupha anthu oposa 1,700 pofika mu 2023. Mu January 2023 sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi wa Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu, ndipo akuluakulu analetsa kwa kanthawi kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Kolera amafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Choncho madzi otsukira mbale, kuvundikira chakudya kuti ntchentche zisaterepo, ndi kusamba m'manja ndi sopo, zonsezi ndi mbali ya chikhristu cha wogulitsa. Munthu amene wakugulani chakudya waika moyo wake m'manja mwanu. Ifenso ogula tisambe m'manja, tidye zotentha, ndipo tisanyinyirike kulipira mtengo woyenera kwa amene amasamala, pakuti sopo ndi madzi abwino nazo zimafuna ndalama.

M'pemphero limene Ambuye Yesu anatiphunzitsa timapempha chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo timapemphera m'malo mwa tonse, osati munthu payekha. Mayi wa zitumbuwa uja mwina anapemphera pemphero lomwelo m'mawa wa Lachisanu asananyamule beseni lake. Mulungu anayankha pemphero lathu kudzera m'beseni lake, ndipo yankho la pemphero lake analiika m'matumba mwathu. Ife tinalandira gawo lathu, gawo lake n'kupita nalo ku Mwanza.

Loweruka madzulo, mwambo wa maliro utatha, tinaimanso pa Mdeka. Amayi anzake ogulitsa anatizindikira tisanafotokoze n'komwe, ndipo anatuma mwana kukamuitana. Atafika, mayi wachikulire uja anatsika, anamupatsa ndalamazo ndi manja awiri, napepesa m'malo mwa tonse. Mayiyo anawerenga, anamanga pa nsonga ya chitenje, ndipo anangoti: "Zikomo amayi. Ambiri sabwerera." Tinapitiriza ulendo titapepukidwa mtima, koma tisadzinyenge. Tinalipira dzuwa litalowa kale kamodzi, ndipo palibe mwa ife amene analimba mtima kufunsa chimene ana ake anadya usiku wa Lachisanu.

Tichite chiyani tsono? Tikamanyamuka ulendo tikonzeretu ndalama zing'onozing'ono. Tipereke ndalama tisanalandire chakudya, kapena zonse ziwiri zidutsane pa zenera nthawi imodzi. Galimoto ikanyamuka wina asanalipidwe, tifuule molimba mpaka dalaivala aime, pakuti kuchedwa mphindi ziwiri sikunalepheretsepo maliro kapena ukwati. Tiphunzitse ana athu kupereka moni kwa wogulitsa ndi kumuthokoza. Tisanadye tchipisi cha pa chiwaya tiweramitse mutu monga timachitira kunyumba, ndipo m'pempherolo titchule manja amene aphika. Ngati tili ndi ngongole yakale ya pa zenera imene mwini wake tingamupeze, tikabweze, monga Zakeyu pa Luka 19 analonjeza kubweza kanayi zimene analanda. Ngati sitingamupezenso, tilape, ndipo wogulitsa wotsatira amene tikumane naye aone kusintha kwathu.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, Inu amene mumadyetsa apaulendo kudzera m'manja mwa osauka, tikhululukireni pamene tadya thukuta la anzathu osalipira, ndi pamene tagulitsa mwachinyengo. Dalitsani onse ophika ndi kugulitsa m'misewu ya dziko lathu, ndipo mutipatse mtima wolipira lero zimene zili za lero. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.